Kagalimoto kotchipa komanso kosamwa mafuta: zoti mudziwe musanagule, inu a ku Ruarwe, Usisya, Mpamba ndi Chintheche

Achinyamata ambiri a m'boma lathu la Nkhata Bay akangoyamba kulandira kamalipiro, kapena geni ya usipa ikangoyamba kuyankha, funso limakhala limodzi: ndigule galimoto yanji yoti ndizipitira kuntchito tsiku ndi tsiku koma osandimaliza m'thumba? Mayankho a pa Facebook mukuwadziwa kale. Wina akuti Mira, wina akuti Passo, wina akuti usayerekeze kugula chilichonse chomwe si Toyota. Aliyense amatamanda yomwe ali nayo, kapena yomwe akufuna kukugulitsani.

Ine kwathu ndi ku Ruarwe, komwe magalimoto safika n'komwe. Kumeneko timadalira maboti, sitima ya Ilala ndi miyendo yathu. Mwina museka kuti munthu wotereyu angakuuzeni chiyani za galimoto. Komatu ana a ku Ruarwe ndi ku Usisya tadzaza ku Mzuzu, pa boma, pa Mpamba, ku Chintheche ndi ku Kande: ena aphunzitsi, ena anamwino, ena akugwira m'malo ogona alendo, ena ndi a geni. Ndipo munthu wokulira kopanda msewu amadziwa msanga chinthu chomwe a m'tauni amaiwala, chakuti msewu ndi umene umasankha galimoto. Ndaika nkhaniyi m'magawo kuti muzitha kubwerera pomwe mukufuna.

Yambani ndi msewu wanu

Kuno tili ndi njira za mitundu itatu, ndipo iliyonse ili ndi zofuna zake.

Yoyamba ndi msewu wa tala wa M5, wochokera kumwera kudzera pa Kande ndi Chintheche, kudutsa m'minda ya labala ya Vizara, kufika pa Mkondezi, kenako kukwera kudzera pa Mpamba mpaka ku Mzuzu. Kuchoka pa boma kufika ku Mzuzu ndi makilomita pafupifupi 47, ndipo chigawo chimenechi chinamangidwanso ndi ndalama za African Development Bank. Kuchoka ku Chintheche kufika pa boma ndi makilomita pafupifupi 40, ndipo m'malo ena msewu ndi wopapatiza. Chachikulu choti mukumbukire ndi chitunda. Nyanja yathu ili pa mamita pafupifupi 475 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pomwe Mzuzu ali pa mamita pafupifupi 1,250. Ndiye munthu wogona kunyanja koma akugwira ntchito ku Mzuzu amakwera mamita pafupifupi 800 m'mawa uliwonse, n'kuwatsikanso madzulo, m'makona okhaokha. Injini, mabuleki ndi giya zimamva ndithu.

Yachiwiri ndi misewu yafumbi, monga wa Mpamba kupita ku Chikwina, ndi wa Mzuzu kudzera ku Bula kutsetserekera ku Usisya. Wa ku Usisyawu ndi wotsetsereka koopsa, wamiyala, ndipo nthawi ya dzinja umaterera. Timagalimoto totsika timagunda pansi, sampu n'kung'ambika, oyilo n'kutayikira m'phiri momwe mulibe makaniko. Ngati msewu wanu wa sabata iliyonse ndi umenewu, Mira ndi Passo muiwale.

Yachitatu ndi nyanja. Wopita ku Ruarwe amasiya galimoto pa boma kapena ku Mzuzu, n'kukwera boti kapena Ilala, yomwe imaima pa Usisya ndi pa Ruarwe paulendo wake wa pakati pa Nkhata Bay ndi Chilumba. Musawononge ndalama kugula galimoto yaikulu poganiza kuti muzikaonekera nayo kumudzi pa Khirisimasi. Sikafika. Gulani yokwanira ulendo wa Lolemba mpaka Lachisanu.

Masamu a mafuta

Ambiri amayang'ana mtengo wogulira basi. Koma kugula kumachitika kamodzi, pomwe mafuta mudzathira mlungu uliwonse. Tengani foni muwerengere.

Tiyerekeze mukukhala pa boma, ntchito ili ku Mzuzu. Kupita ndi kubwera ndi makilomita 94. Pa masiku 22 ogwira ntchito, amenewo ndi makilomita 2,068 pamwezi. Galimoto yoyenda makilomita 12 pa lita imodzi ifuna malita 172. Yoyenda makilomita 18 pa lita ifuna malita 115. Kusiyana kwake ndi malita 57 mwezi uliwonse, pafupifupi malita 690 pachaka. Chulukitsani ndi mtengo wa petulo wa lero muone nokha.

Ndipo mtengo wa mafuta sudikira munthu. Mu November 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, bungwe la MERA linakweza petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita. Pa mtengo wa nthawi imeneyo, malita 57 aja anali kale K144,210 pamwezi, ndalama ya lendi ya anthu ambiri. Onjezeraninso mizere ya pa malo omwetsera mafuta yomwe tinaiona mu 2022, 2023 ndi 2024. Nthawi ngati imeneyo, mwini galimoto yosamwa mafuta amapeza malita 15 n'kuyenda masiku angapo, pomwe mnzake ali pamzere kachiwiri.

Chenjezo limodzi: manambala omwe amalembedwa m'mabuku a ku Japan si a misewu yathu. Toyota Aqua itatuluka mu 2011 inalembedwa makilomita 35.4 pa lita, ndipo Daihatsu Mira e:S inalembedwa makilomita 30. Amenewo ndi a m'chipinda choyesera. Pachitunda cha Mpamba, muli anthu anayi ndi thumba la chinangwa kumbuyo, simudzawaona. Njira yodziwira zoona ndi yosavuta: dzazani thanki, lembani makilomita, yendani, dzazaninso, n'kugawa makilomita omwe mwayenda ndi malita omwe alowa.

Magalimoto omwe mukumane nawo pamsika

Daihatsu Mira ndi Suzuki Alto. Awa ndi a gulu lomwe ku Japan amalitcha kei: injini yosapitirira 660cc, kutalika kosapitirira mamita 3.4, ndipo amapangidwira anthu anayi okha. Ndi otchipa pogula, msonkho wake ndi wocheperapo, mafuta samwa. M'tauni ya Mzuzu, kapena pakati pa Kande, Chintheche ndi boma pomwe zitunda si zazitali, amachita bwino. Vuto lili pokwera ku Mzuzu tsiku ndi tsiku mutadzaza anthu: kainjini kamalira njira yonse, mafuta omwe mumafuna kupulumutsa amapita, ndipo kupitirira lole pachitunda kumakhala kuika moyo pachiswe. Thupi lake ndi lopepukanso, choncho liwiro si lake.

Toyota Passo ndi Daihatsu Boon. Ndi galimoto imodzi ya mayina awiri. Yambiri ili ndi injini ya 1.0 ya masilinda atatu yotchedwa 1KR-FE. Imanjenjemera pang'ono ikaima, musadabwe, ndi chibadwa cha masilinda atatu. Ya m'badwo woyamba, kuyambira 2004, ili ndi giya ya otomatiki wamba ya magiya anayi, yomwe amakaniko athu amaidziwa bwino. Kuyambira 2010 inabwera ndi CVT.

Toyota Vitz. Imapezeka ndi injini ya 1.0, 1.3 ndi 1.5. Kwa munthu wa msewu wa Mzuzu, ine ndimalimbikitsa ya 1.3. Imakwera mosavutika, ndipo poti simuiponda mpaka pansi, mafuta ake pachitunda sasiyana kwenikweni ndi ya 1.0. Pamsewu waukulu imakhazikikanso bwino kuposa Passo.

Nissan March ndi Nissan Note. Kawirikawiri mtengo wake umakhala wotsikirapo poyerekeza ndi Toyota ya chaka chomwecho. March ya kuyambira 2010 ili ndi injini ya 1.2 ya masilinda atatu ndi CVT. Note ya kuyambira 2012 ina ili ndi supercharger, chipangizo china choonjezera chomwe chikafa chimafuna ndalama. Pa Nissan, chinthu choyesa mofatsa ndi CVT.

Honda Fit ndi Mazda Demio. Fit ili ndi malo ambiri m'kati, mipando yakumbuyo imapindika mpaka kulowa katundu wodabwitsa. Ya 1.3 ndi yabwino. Koma samalani ndi Fit ya hybrid yomwe inatuluka mu 2013: giya yake inali ndi mavuto moti Honda inaitanitsa magalimotowo kangapo kuti akakonzedwe. Demio imakoma kuyendetsa m'makona, koma funsani kaye kupezeka kwa masipeya ake ku Mzuzu.

Toyota Aqua. Iyi ndi hybrid, injini ya 1.5 yothandizana ndi mota yamagetsi. Pa mafuta ndi katswiri, ndipo potsika kuchokera ku Mzuzu batire yake imadzitchaja yokha. Koma ili ndi ziwiri zoti muganizire. Choyamba ndi yotsika, masentimita 14 okha kuchokera pansi, ndiye misewu yamiyala si yake. Chachiwiri ndi batire yaikulu ya pansi pa mpando wakumbuyo, yomwe imakalamba ndi zaka ndipo yatsopano si yotchipa. Aqua ya 2012 yadutsa kale zaka khumi. Musagule musanaiike pa kompyuta kwa makaniko wodziwa ma hybrid.

Toyota Sienta ndi Probox. Sienta mukuidziwa, ndi yomwe yadzaza pamsewu wa Mzuzu ngati takisi. Ili ndi mipando isanu ndi iwiri ndi injini ya 1.5, 1NZ-FE. Probox inapangidwira katundu, ndi yolimba, yopanda zokongoletsa. Zonsezi zimamwa mafuta kuposa Vitz, ndiye muzigule ngati mulidi ndi banja lalikulu kapena katundu wa geni. Sienta yomwe yakhala pa takisi zaka zingapo imakhala itatopa kale, ngakhale aipake penti yatsopano.

Za msewu wa Usisya. Zing'onozing'ono zomwe zingalimbe kumeneko ndi zokwera komanso zokoka ndi matayala onse anayi: Suzuki Jimny, Mitsubishi Pajero Mini, Daihatsu Terios Kid, kapena Toyota Rush ya 1.5. Dziwani kuti izi zimamwa mafuta kuposa timagalimoto ta m'tauni, ngakhale zina zili ndi injini ya 660cc. Kwa mphunzitsi kapena wazaumoyo wa kumeneko, nthawi zambiri njinga yamoto yabwino imaposa galimoto.

Mawu pang'ono pa masipeya. Chomwe chimapangitsa Toyota kukhala yosavuta kuno n'chakuti injini imodzi imapezeka m'magalimoto ambiri. 1NZ-FE ili mu Sienta, Probox, Axio, Fielder ndi Ractis. 1KR-FE ili mu Passo, Boon, Vitz ndi Belta. Ndiye chikafa chinthu, mwayi wochipeza tsiku lomwelo ku Mzuzu ndi waukulu. Injini ziwirizi zimayenderanso tcheni m'malo mwa lamba wa timing, choncho simudandaula zosintha lamba. Galimoto yachilendo, kaya ndi yokongola bwanji, ikhoza kukhala pa garaja miyezi iwiri kudikira kachitsulo kochokera ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg.

Nkhani ya giya

Pali mitundu itatu. Ya manual ndi yolimba komanso yotchipa kukonza, koma m'magalimoto ang'onoang'ono ochokera ku Japan ndi yosowa. Ya otomatiki wamba imapirira. Ya CVT ndi yomwe ili m'magalimoto ambiri a kuyambira cha m'ma 2010: imapulumutsa mafuta, koma imadana ndi zinthu ziwiri, katundu wopyola muyeso pachitunda ndi oyilo wolakwika. CVT ili ndi oyilo wakewake. Wa Nissan ndi NS-2 kapena NS-3, Toyota ndi Honda nazo zili ndi wawo. Makaniko akakuuzani kuti oyilo wa giya ndi mmodzimodzi, tengani galimoto yanu muzipita.

Kugula pompano kapena kuitanitsa

Kugula yomwe ili kale m'dziko kuli ndi ubwino woti mumaiona ndi maso, kuiyendetsa, n'kubwera ndi makaniko wanu. Kuipa kwake n'kwakuti yayenda kale m'misewu yathu, ndipo simudziwa kuti mwiniwake ankaisamalira bwanji.

Kuitanitsa ku Japan kudzera ku makampani ngati Be Forward kapena SBT kumakupatsani galimoto yomwe yayenda m'misewu yabwino. Koma mtengo womwe mukuona pa intaneti si womaliza. Onani mtengo wofikitsira galimoto pa doko la Dar es Salaam, muonjezere zolipira pa doko, wokuombolerani, dalaivala ndi mafuta a ulendo wa makilomita oposa 900 kufika pa chipata cha Songwe, kenako msonkho wa MRA, kulembetsa, COF ndi inshuwalansi. Msonkho umatengera kukula kwa injini ndi chaka chomwe galimoto inapangidwa, ndiye funsani ku ofesi ya MRA kuti galimoto yomwe mwaisankhayo ilipira zingati musanatumize ndalama, osati itafika kale pa Songwe. Kumbukiraninso kuti mukulipira m'madola, ndipo kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso mu November 2023. Amene anali ndi galimoto panyanja nthawi imeneyo anapeza masamu awo atasokonekera.

Ndalama tumizani ku akaunti ya kampani yeniyeniyo kudzera kubanki. Munthu wa pa Facebook yemwe akuti tumizani chikole pa Airtel Money kapena TNM Mpamba kuti akusungireni galimoto yomwe simunaione, ameneyo mutalikireni. Zithunzi aliyense atha kukopera.

Poitanitsa, pemphani pepala la ku okushoni. Giredi 4 kapena 4.5 ndi yabwino, 3.5 ndi yapakatikati, ndipo chilembo R chikutanthauza kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Pepala lotulutsira galimoto ku Japan limaonetsanso makilomita omwe inali nawo poyezedwa komaliza, ndiye mutha kugwira bodza ngati wina wabweza mita. Pemphaninso zithunzi za pansi. Magalimoto a kumadera ozizira ngati Hokkaido amakhala ndi dzimbiri chifukwa cha mchere omwe amathira m'misewu nthawi ya chipale.

Kuiyang'ana musanapereke ndalama

Akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Galimoto yogulitsa imatsukidwa mpaka kuwala, ndiye inu yang'anani komwe sopo safika.

Pitani masana, ndipo muuze wogulitsa kuti asailize musanafike. Injini yozizira sinama. Ikalira, onani utsi: wabuluu ndiye kuti ikudya oyilo, woyera wosatha ndiye kuti madzi akulowa mu injini. Tsegulani chotsekera oyilo. Mukaona zoterera zooneka ngati tiyi wamkaka, gasiketi yapita. Pa ladiyeta muone ngati muli mankhwala oziziritsa injini kapena madzi adzimbiri.

Mukatembenuza kiyi, magetsi onse a pa dashibodi ayake, kenako azime injini ikalira. Ngati getsi la injini, la ABS kapena la airbag siliyaka n'komwe, mwina wina analichotsa kuti abise vuto.

Gwadani muone pansi: dzimbiri, kuwotcherera, oyilo wodontha, malabala ong'ambika a m'ma CV joint. Tukulani kapeti ndi kutsegula pogona tayala lapadera; matope ouma ndi fungo la chinyezi zikutanthauza kuti inamirapo m'madzi. Onani ngati zitseko ndi boneti zikutsekeka mofanana mbali zonse, ndi ngati mtundu wa penti ukufanana.

Matayala ali ndi manambala anayi m'mbali osonyeza sabata ndi chaka chomwe anapangidwa: 2319 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Magalimoto ena amabwera ndi matayala a m'chipale olembedwa STUDLESS. Amaoneka a mano ambiri koma pa tala wotentha amatha msanga, ndipo pamvula sagwira bwino. Pa mvula ya kuno ku Nkhata Bay imeneyo si nkhani yamasewera. Funsaninso ngati muli tayala lapadera ndi jeke, chifukwa magalimoto ambiri atsopanoko, kuphatikizapo Aqua ndi Mira e:S, amabwera ndi kabotolo komatira tayala basi.

Kenako iyendetseni, osati pozungulira msika ayi. Ipititseni pachitunda chenicheni, muli anthu atatu kapena anayi. Mverani ngati giya ikutsetereka, ikugwedeza ponyamuka kapena ikulira ngati mluzu. Onani ngati injini ikutentha. Potsika yesani mabuleki. Chiwongolero chisanjenjemere ndipo galimoto isakokere mbali imodzi. Khotetsani mpaka kumapeto mbali zonse. Phokoso la kho-kho-kho ndi ma CV joint. Ndalama yomwe mungamupatse makaniko wanu pa tsiku limeneli ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa giyabokosi. Wanu, ndikutero, osati wobwera ndi wogulitsa.

Mapepala

Apa ndi pomwe anthu amalirira. Dzina la pa blue book lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika cha wogulitsayo. Nambala ya chasisi ndi ya injini zomwe zili pa galimoto zifanane ndi za pa pepala, chilembo ndi chilembo. Pakhale umboni woti msonkho wa MRA unalipiridwa, ndipo apolisi atsimikize kuti si yobedwa. Funsani ngati siili pa chikole kubanki.

Samalani ndi galimoto yotchipa modabwitsa yomwe ili ndi nambala ya dziko lina, kapena yomwe inalowa mosalipira msonkho m'dzina la munthu wina. Tsiku lomwe MRA idzaigwire, wolipira kapena wolandidwa ndi inu.

Kusintha umwini kumachitikira ku ofesi ya Road Traffic, ndipo kuno kumpoto ili ku Mzuzu. Pansi pa dongosolo la MalTIS, wogula ndi wogulitsa aliyense amafunika kukhala ndi khadi lake la ku Road Traffic. Pitani limodzi ndi wogulitsayo, ndipo ndalama yomaliza muipereke umwini ukusinthidwa. Zoti tidzasintha mwezi wamawa zasiya anthu ambiri ndi galimoto ya dzina la munthu yemwe anapita ku Joni ndipo foni yake sikupezekanso. Madobadoba a panja pa ofesi asakunyengeni kuti akufulumizitsirani. Lipirani pomwe pakutuluka lisiti. Lembaninso kalata ya mgwirizano, pakhale mboni.

Inshuwalansi ya third party ndi lamulo, COF nayonso. Ndipo ngati mukuganiza zonyamula anthu olipira popita kuntchito kuti mubweze ya mafuta, dziwani kuti imeneyo ndi ntchito ya takisi, yomwe ili ndi nambala yofiira, chilolezo chake ndi inshuwalansi yake. Mukachita ngozi ndi anthu olipira pa inshuwalansi ya galimoto wamba, kampani itha kukana kulipira.

Ndalama zotsalira m'thumba

Langizo langa ndi ili: ngati muli ndi ndalama zokwana magawo asanu, galimoto idye anayi, limodzi litsale. Mwezi woyamba mufunika kusintha oyilo ndi mafyuluta, mwina matayala, batire, mabuleki ndi mashoko. Wailesi ya ku Japan imathera pa 90 FM, ndiye kuti mumve mawayilesi ambiri a kuno mufunika kachipangizo kowonjezera kapena wailesi ina. Zing'onozing'ono zimenezi zikaphatikizana zimakhala ndalama.

Za ngongole, werengerani bwino. Kubweza ngongole, mafuta ndi sevisi zikaposa zomwe malipiro anu angasenze, galimoto idzakhala pakhomo nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Katapila ndiye ayi. Ndalama ya banki m'khonde nayo ndi ya geni yobweza msanga, osati ya chinthu chomwe chimatsika mtengo chaka chilichonse. Yerekezaninso ndi zomwe mumalipira pa Sienta kapena minibasi pamwezi. Kwa munthu mmodzi woyenda yekha makilomita 94 patsiku, kukwera takisi kumatha kukhala kotchipa. Galimoto imayamba kupanga nzeru mukakhala awiri kapena atatu a m'banja limodzi oyenda njira imodzi, kapena ngati ntchito yanu ndi ya mashifiti a usiku pomwe zokwera kulibe.

Kuisamalira kunyanja kuno

Sinthani oyilo pa makilomita 5,000 aliwonse, ndipo mugwiritse ntchito amene buku la galimotoyo likunena. Injini zing'onozing'ono zatsopanoko zimafuna oyilo wopepuka ngati 5W-30 kapena 0W-20. Wolemera uja wa m'malole amaonjezera kumwa mafuta. Fyuluta ya mpweya muziiona pafupipafupi nthawi ya fumbi. Pa Aqua, musatseke ndi katundu polowera mpweya woziziritsa batire pafupi ndi mpando wakumbuyo.

Mu ladiyeta musathire madzi a m'nyanja kapena a pa mjigo ngati chizolowezi. Matope a dzinja muziwatsuka pansi, chifukwa ndi omwe amasunga chinyezi n'kuyambitsa dzimbiri. Mukanyamula usipa kapena batala wauwisi, ikani m'beseni kapena yalani pulasitiki. Madzi a nsomba akalowa mu kapeti, fungo lake lidzatsitsa mtengo tsiku logulitsa.

Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Ndiye mukasiya galimoto pa boma kwa milungu ingapo mwapita ku Ruarwe, musaisiye ndi thanki yopanda kanthu, ndipo pakhale wina woiliza apo ndi apo kuti batire isafe. Mafuta a m'zigubu za m'mbali mwa msewu apeweni momwe mungathere. Simudziwa chomwe asakaniza, ndipo pampu ya mafuta ikafa mulipira zoposa zomwe munapulumutsa.

Chomaliza ndi cha moyo wanu. Potsika kuchokera ku Mzuzu musaike giya pa N poganiza kuti mukupulumutsa mafuta. Injini za masiku ano zimadula zokha mafuta mukachotsa phazi galimoto ili m'giya, ndiye palibe chomwe mukupindula, koma mukusiyira mabuleki ntchito yonse mpaka atenthe n'kusiya kugwira. Ikani pa 2, L, S kapena B, malinga ndi galimoto yanu, injini ikuthandizeni kuigwira.

Ndiye mugule iti?

Ngati ulendo wanu ndi wa m'tauni ya Mzuzu, kapena wa pakati pa Kande, Chintheche ndi boma, ndipo mumayenda awiri, Mira, Alto kapena Passo ikukwanirani. Ngati mumakwera chitunda cha Mpamba tsiku lililonse, yang'anani Vitz kapena Fit ya 1.3, kapena Aqua yomwe batire yake yayezedwa. Ngati muli ndi banja lalikulu kapena katundu, Sienta kapena Probox yomwe sinakhalepo pa takisi. Ngati ndi wa ku Usisya, yokwera yokoka matayala anayi, apo ayi njinga yamoto. Ndipo pakati pa magalimoto awiri a mtengo umodzi, tengani yomwe yasamalidwa komanso mapepala ake ndi oyera, ngakhale dzina lake lisakhale lomwe anzanu akulitchula.

Safunsa anadya phula. Musanapereke ndalama, funsani madalaivala a pa siteji ya Mzuzu kuti ndi chiyani chimafa kawirikawiri pa galimoto yomwe mukuifunayo, funsani m'mashopu a masipeya mtengo wa mabuleki, mashoko ndi pampu ya mafuta, ndipo mufunse MRA ndi Road Traffic za mapepala. Wogulitsa akamakufulumizitsani kuti pali wina akubwera ndi ndalama madzulo ano, musiyeni wina uja agule. Magalimoto a IT akulowa pa Songwe tsiku lililonse, yanu ikubwera.